Chisanu cha Juni ndi Julayi chimachita chiyani m'kamwa mwathu?

M'mawa wina wa mwezi wa Julayi, chiperoni chitagona masiku atatu osasuntha, ndinakwera kabaza wa njinga yamoto pa Chitakale kulowera ku Limbuli. Phiri lonse linali litabisala m'nkhungu, minda ya tiyi ikungooneka mizere iwiri itatu ya m'mphepete mwa msewu. Mnyamata woyendetsa anali atadzikulunga kansalu kuyambira kuchibwano mpaka pamphuno, ndipo ine ndinkayesa ndi chimfine. Titafika, ndikumupatsa ndalama, anatsitsa kansaluko pang'ono n'kuloza tsaya lakumanzere.

"Achimwene, si chimfine ayi. Mphepo ikangolowa m'kamwa, dzino ili limalasa mpaka m'mutu. Koma nthawi yotentha yonse linali phee. Ndiye tinene kuti chisanuchi ndicho chikutiwonongera mano?"

Funso lakelo si lake yekha. Amalifunsanso amayi amene amalawirira kumunda mame ali mbee, ana asukulu amene amachukucha m'kamwa ndi madzi ogona panja m'ndowa, ndi agogo amene Juni akangofika amayamba kutafunira mbali imodzi. Mayankho ndiye alipo ambirimbiri. Ena amati m'dzino muli kachilombo kamene kamadzuka kukazizira. Ena amati ndi magazi. Ukapita pa intaneti upeza malangizo olembedwera anthu a kumayiko a chipale chofewa, okhala m'nyumba zotenthetsedwa ndi makina, ndipo sudziwa kuti zako ndi ziti. Nkhaniyi ili ndi mbali zingapo zimene anthu amazisakaniza, choncho ndi bwino kuzimasula imodziimodzi.

Kuzizira kwathu kuno

Chiperoni ndi mphepo yozizira komanso yachinyezi yochokera kunyanja ya Indian Ocean, imene imalowa m'dziko muno kuchokera kummwera chakum'mawa. Ikagunda malo okwera a Mulanje ndi Thyolo imasanduka nkhungu ndi mvula ya mawawa. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, mbali imene mitamboyo imatulukira. Nyengo yake ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. M'malo ngati Bvumbwe, usiku wa Julayi kumazizira mpaka cha m'ma madigiri 10, ndipo pamwamba pa phiri la Mulanje udzu umatha kudzuka utayera ndi chisanu.

M'kamwa mwa munthu mumakhala pafupifupi madigiri 37. Dzino linazolowera kufunda kumeneko usana ndi usiku, ndiye mpweya wa madigiri 10 ukalowa mwaliwiro, monga zimakhalira panjinga yamoto, kusiyanako n'kwakukulu. Tikumbukirenso kuti nyengoyi ili ndi nkhope ziwiri. Pali masiku a chiperoni, onyowa, ndipo pali masiku owala koma amphepo youma ndi fumbi. Oyambawo amavutitsa kwambiri mano ndi mphuno, achiwiriwo milomo.

Kuyayamira kwa mano

Ululu umene mnyamata uja ankanena uli ndi dzina lake m'chinenero chathu. Timati mano ayayamira, kapena achita dziru: kulasa kwadzidzidzi, kwakanthawi kochepa, kumene kumabwera chozizira, chowawasa kapena chotsekemera chikakhudza dzino, kenaka n'kutha.

Kuti timvetse, tiyambe ndi mmene dzino linapangidwira. Kunja kuli chigoba choyera chotchedwa enamel. Ndicho chinthu cholimba kuposa china chilichonse m'thupi, kuposa ngakhale fupa, ndipo chilibe mtsempha, choncho sichimva kanthu. Pansi pa chigobacho pali gawo lachikasu lotchedwa dentine. Pakati penipeni pali mtima wa dzino, kachipinda kofewa momwe muli mitsempha ya magazi ndi mitsempha yomva ululu.

Chinsinsi chonse chili mu dentine. Aliyense amene anadulapo thunthu la nthochi ku Thyolo akudziwa mmene mkati mwake mumaonekera: timabowo tambirimbiri todzaza madzi. Dentine ilinso choncho, kungoti timabowo take ndi tating'ono zedi, tosaoneka ndi maso. Pakamalo kotalika milimita imodzi mbali zonse pamakhala timachubu pakati pa 20,000 ndi 45,000, tonse toloza kumtima wa dzino, tonse todzaza timadzi. Chigoba chikakhala chathunthu, ndipo nkhama zikaphimba bwino mizu, timachubuti timakhala totsekeka. Pakangotseguka penapake, kuzizira kumachititsa timadzito kukhwinyata n'kuyenda mwaliwiro, ndipo kuyendako kumakoka mitsempha ya kumtima wa dzino. Ubongo umamva ngati walasidwa ndi singano.

Ganizo limeneli si latsopano. Dokotala wa mano wa ku Switzerland, Alfred Gysi, analitchula mu 1900, koma amene analiyesa n'kulikhazikitsa ndi Martin Brännström wa ku Sweden m'zaka za m'ma 1960. Kwa zaka zambiri madokotala a mano akhala akuphunzira kufotokoza kumeneku. Kenaka mu 2021 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Katharina Zimmermann wa ku Erlangen, Germany, linaonetsa kuti maselo amene amapanga dentine, omwe amakhala m'mphepete mwa mtima wa dzino, ali ndi kachipata kawokawo komva kuzizira, kotchedwa TRPC5. Anapezanso kuti mafuta a clove (chokometsera zakudya chonunkhira), amene anthu akhala akupaka padzino lowawa kwa zaka mazana ambiri, amatseka kachipata kameneka. Kwa ine mfundo imeneyi ndi yosangalatsa kwambiri, chifukwa mankhwala akale anapezeka kuti anali ndi chifukwa chake chenicheni, ngakhale owagwiritsa ntchito sankachidziwa.

Tsono apa ndi pamene pagona yankho la funso la mnyamata uja. Denga la malata likabooka mu Seputembala, mwini nyumba sadziwa. Amadzadziwa mu Disembala madzi akayamba kudonthera pamphasa. Mvula sindiyo inaboola dengalo, yangoulula. Chisanu nachonso sichiboola dzino. Chimapeza khomo lotseguka kale.

Nanga chimatsegula khomolo n'chiyani? Chachikulu ndi nkhama kubwerera m'mbuyo. Muzu wa dzino ulibe chigoba cha enamel, uli ndi kachikuto kopyapyala kosachedwa kutha, ndiye nkhama zikatsika chifukwa cha matenda kapena ukalamba, dentine imakhala pamtunda. China ndi katsukidwe. Anthu ambiri amakhulupirira kuti kukwecha mwamphamvu ndiko kuyeretsa, ndipo ena amatsukira makala osinja, phulusa kapena mchenga wosalala wa kumtsinje. Mano amayeradi, koma amayera mmene mphika umayerera ukamakwechedwa ndi mchenga tsiku ndi tsiku: ukuwala uku ukupyapyala. Chigoba chikatha sichimeranso. Zowawasa nazo zimasungunula chigoba pang'onopang'ono: mandimu, malalanje, nanazi zathu za ku Mulanje, malambe, bwemba ndi zakumwa za m'mabotolo. Izi sizikutanthauza kuti tisiye zipatso, koma kuti tikadya tichukuche ndi madzi, ndipo tisathamangire mswachi nthawi yomweyo chigoba chikadali chofewa. Pomaliza pali ming'alu, yobwera ndi kutsegulira botolo ndi mano, kusenda nzimbe, kapena kuluma kamwala mu mpunga kapena chimanga chokazinga. Nzimbe ndi chimanga chokazinga zimachuluka nyengo yomweyi yozizira.

Kuwerenga ululu

Si ululu wonse wobwera ndi kuzizira umene uli wofanana, ndipo kusiyanitsa kwake kungapulumutse dzino. Madokotala a mano amagwiritsa ntchito kuzizira komweku ngati chida. Amathira mankhwala ozizira kwambiri pakathonje n'kukhudza dzino limodzilimodzi, uku akuyang'ana nkhope ya wodwala.

Dzino likalasa n'kusiya pakangopita masekondi ochepa kathonje katachotsedwa, mtima wake ukadali bwino. Mwina ndi kuyayamira chabe, mwina ndi kabowo kamene kangamatidwe. Ululu ukapitirira kwa theka la miniti kapena kuposa, kapena ukamabwera wokha popanda chouputa, makamaka usiku munthu akagona, ndiye kuti mtima wa dzino watupa moti kawirikawiri sungachire pawokha. Ganizirani chithupsa chimene chatupira m'kachipinda kopanda kofutukukira. Ndicho chifukwa chake ululu wa dzino umamuliza munthu wamkulu. Pali nthawi inanso imene zinthu zimatembenuka: tiyi wotentha ndiye amawawitsa, ndipo madzi ozizira amatonthoza. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti matenda apita patali.

Choopsa kwambiri ndi dzino limene linkawawa kwa milungu ingapo kenaka n'kungokhala chete. Ambiri amathokoza kuti lachira. Nthawi zambiri mtsempha wafa, ndipo tizilombo tikutsikira kumuzu. Tsaya likatupa, thupi likatentha, kukamwa kukamakanika kutseguka, kapena kumeza ndi kupuma zikayamba kuvuta, si nkhani yodikira kuti kuche bwino. Kutupa kwa pansi pa lilime ndi chibwano, kumene dokotala wa ku Stuttgart, Wilhelm Friedrich von Ludwig, anakufotokoza mu 1836, kumatha kutseka njira ya mpweya. Munthu wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ndi usiku.

Malovu, tiyi ndi shuga

Ngati pali njira imene nyengo yozizira imawonongeradi mano, yadzera kuno, ndipo siidzera mumphepo koma m'zochita zathu.

Malovu timawaona ngati chinthu chachabe, koma chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Munthu amatulutsa malovu pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka patsiku. Ntchito yake ndi kutsuka zotsalira za chakudya, kuziziritsa ukali wa asidi, ndi kubwezera m'chigoba cha dzino mchere wa calcium ndi phosphate umene watayika. Ali ngati mmisiri amene amamata timing'alu ta khoma tsiku lililonse tisanakule.

Kukazizira malovu amachepa pazifukwa zingapo. Ludzu silimveka, ndiye munthu amatha tsiku lonse osamwa madzi. Mphuno zikatsekeka ndi chimfine timagona kukamwa kuli yasa, ndipo usiku ndi nthawi imene malovu amakhala ochepa kale. Mankhwala ena a chimfine, monga Piriton, amaumitsa m'kamwa. Ndiye mmisiri uja akamachepa mphamvu, ife timaonjezera ntchito: tiyi wa masupuni atatu kapena anayi a shuga m'mawa, wina pa teni koloko, wina madzulo pambaula, phala la shuga, maswiti a chifuwa oyamwa tsiku lonse, ndi mankhwala amadzi a chifuwa amene ambiri mwa iwo ali ndi shuga, omwe mwana amamwa n'kugona osachukucha.

Chikhulupiriro chakuti m'dzino lobooka muli kanyongolotsi si cha kuno kokha. Chinalembedwa kale ku Mesopotamia zaka zikwi zapitazo, ndipo ku Ulaya anthu anachikhulupirira kwa nthawi yaitali. Amene amanena zimenezi sanaphonye kwenikweni, chifukwa chamoyo chilimodi, kungoti si nyongolotsi. Mu 1890 Willoughby Miller, dokotala wa mano wa ku America amene ankagwira ntchito ku Berlin, anafotokoza kuti mabakiteriya a m'kamwa amadya shuga n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndi amene amasungunula dzino. M'zaka za m'ma 1940 Robert Stephan anayeza zimene zimachitika munthu akangolawa shuga. Pamphindi zochepa asidi amakwera kufika pamlingo wosungunula chigoba, ndipo malovu amafunika theka la ola mpaka ola lathunthu kuti abwezeretse zinthu m'malo mwake.

Phunziro la Stephan ndi lakuti kuchuluka kwa maulendo n'kofunika mofanana ndi kuchuluka kwa shuga. Kapu imodzi ya tiyi yomwa nthawi imodzi ndi nkhondo imodzi. Kapu yomweyo yomwa pang'onopang'ono kwa maola awiri, kapena siwiti imodzi pa ola lililonse, ndi nkhondo yosatha, ndipo malovu sapeza mpata. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga woonjezera asapitirire pafupifupi magalamu 50 patsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi masupuni aang'ono ngati 12, ndipo limati kuchepetsa mpaka theka la pamenepo n'kwabwino koposa. Makapu atatu a masupuni anayi afika kale pa 12.

Tiyi payekha si mdani. Chitsamba cha tiyi, chimene chakhala chikulimidwa ku Mulanje kuyambira m'zaka za m'ma 1890, chimakoka fluoride m'nthaka n'kumusunga m'masamba, ndipo fluoride ndi amene amalimbitsa chigoba cha dzino. Tiyi amadetsa mano, inde, koma kudera si kuwola. Chimene ndikufuna nditchule, ngakhale chapatuka pang'ono pankhani ya mano, ndi katenthedwe. Kukazizira timakonda tiyi wongophulidwa kumene, wowotcha lilime. Mu 2016 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linanena kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikuoneka kuti zingayambitse khansa ya kummero. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Kudikira mphindi zochepa kuti kapu ipoleko sikulira ndalama.

Ndipo tisabise: m'mawa wa chiperoni, madzi ali ngati achokera mufiriji, ambiri amangolumpha kutsuka mano, makamaka amene mano awo amayayamira kale. Madzi ofunda pang'ono otsala m'ketulo amathetsa vutoli.

Pamene dzino likuwawa koma lilibe mlandu

Kuseri kwa masaya athu, mbali zonse za mphuno, kuli timapanga ta mpweya m'kati mwa fupa, totchedwa ma sinus. Dokotala wa ku England, Nathaniel Highmore, anafotokoza phanga la m'tsayali mu 1651. Pansi pake pagundana ndi mizu ya mano akumtunda otafunira, ndipo mwa anthu ena pakati pake pamangokhala kafupa kopyapyala ngati pepala.

Chimfine chikakula, khungu la m'phangamo limatupa ndipo mamina amadzaza. Kupanikiza kwake kumatsikira pamizu, munthu n'kumamva mano akumtunda akuwawa. Zili ngati nyumba ziwiri zogundana khoma: phokoso lili kwa aneba, koma iwe ukulimva ngati lili m'chipinda chako.

Kusiyanitsa kwake n'kotheka ndithu. Ululu wa sinus umagwira mano angapo nthawi imodzi, umakhala wolemera osati wolasa, umakula munthu akawerama, monga pomanga nsapato kapena posenza mtolo, ndipo umabwera limodzi ndi mphuno zotsekeka ndi kulemera kwa nkhope. Ululu wa dzino lenileni kawirikawiri umaloza dzino limodzi. Chimfine chotere nthawi zambiri chimatha chokha pasabata imodzi kapena masiku khumi, chifukwa chimayamba ndi mavayirasi amene mankhwala opha mabakiteriya sawakhudza. Zimandimvetsa chisoni kuganiza za munthu wopita kukapempha kuti amuzule dzino labwinobwino chifukwa cha chimfine. Komanso zimachitika mobwerera: dzino lakumtunda lowola limatha kudwalitsa sinus, makamaka zikakhala mbali imodzi yokha ndipo mamina akununkha.

Milomo yothetheka ndi zilonda zake

Khungu la milomo ndi lopyapyala kwambiri ndipo lilibe thukuta kapena mafuta okwanira odzitetezera monga khungu la pankhope. Mphepo youma ya Julayi imaliumitsa msanga. Munthu amanyambita kuti anyowetse, malovu amauma n'kutenga chinyezi chotsalacho, ndiye amanyambitanso. Yang'anani ana asukulu nyengo ino, mupeza ena ali ndi mkombero wofiira kapena wakuda kuzungulira pakamwa. Mankhwala ake ali kale m'nyumba zambiri. Vaseline, amene Robert Chesebrough anamulembetsa ku America mu 1872 atamutenga ku phula la pazitsime za mafuta, saonjezera madzi m'khungu koma amatseka kuti amene alimo asathawe, monga chivundikiro pamphika.

Kung'aluka kwa m'makona a pakamwa n'kosiyana. Pamenepo malovu amadikha, ndipo mafangasi kapena mabakiteriya amamera. Kumakonda anthu ochepa magazi, osowa mavitamini a gulu la B, odwala shuga, ndi agogo amene mano anatha kotero kuti pakamwa panapindika. Kukamabwererabwerera, kapena lilime ndi m'masaya zikachita zoyera ngati mkaka wogona, ndi bwino kukayezetsa magazi, chifukwa zingasonyeze kuti chitetezo cha m'thupi chatsika, kaya ndi shuga, kaya HIV, kaya china.

Ndiye pali timatuza ta pamlomo, tija timati malungo atuluka. Timayamba ndi kunyerenyetsa, kenaka timatuza ta madzi, kenaka nkhanambo, ndipo timapola pasabata imodzi kapena masiku khumi. Gwero la timatuzati si kuzizira kapena malungo. Timayamba ndi kachilombo kotchedwa herpes simplex ka mtundu woyamba, kamene malinga ndi WHO kali mwa anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse osakwana zaka 50 padziko lapansi. Ambiri amakatenga ali ana. Kakalowa sikatulukanso, kamakagona mumtsempha wa kunkhope ngati njere ya chisoso m'nthaka yodikira mvula. Kutentha thupi, chimfine, kutopa, nkhawa, dzuwa lamphamvu kapena mphepo yothethetsa milomo ndizo zimakadzutsa. Choncho amene amati malungo atuluka anaona bwino, kutentha thupiko ndiko kunadzutsa kachilomboko. Mankhwala a aciclovir, amene anatulukira m'zaka za m'ma 1970, amafupikitsa masiku akayambidwa msanga, pa nthawi ya kunyerenyetsa ija. Chofunika kuposa zonse n'chakuti munthu wa timatuza totere asapsompsone khanda, asalitafunire chakudya, ndipo asabwerekane nalo supuni. Kwa mwana wongobadwa kumene kachilomboka kamatha kupha.

Chilonda chilichonse cha m'kamwa kapena pamlomo chimene chatha milungu itatu osapola chikaonedwe kuchipatala, makamaka kwa osuta fodya, oika fodya wosinja m'kamwa, ndi omwa mowa kwambiri.

Nsagwada

Izi ndi zachidule. Thupi likazizidwa minofu imakungika, mapewa amakwera, mano amalumana kapena kugundana. Munthu amene watha maola awiri atalumitsa mano panjinga kapena m'munda amatha kumva kuwawa kutsogolo kwa khutu, pamene nsagwada imalumikizana ndi mutu, ndipo mano onse amamveka otopa. Kwa amene amakukuta kale mano kutulo, izi zimangoonjezera moto. Kufunda bwino m'khosi ndi m'makutu, ndi kuthowa ndi kansalu ka madzi ofunda, zimathandiza.

Zochita, ndi pamene anthu amasiyana maganizo

Kansalu ka mnyamata uja kanali nzeru yeniyeni. Kuphimba pakamwa ndi kupumira m'mphuno kumafunditsa mpweya usanafike pamano. Pamwamba pa apo, malangizo amene madokotala a mano amagwirizana ndi odziwika: kutsuka kawiri patsiku, makamaka pogona, ndi mswachi wofewa komanso mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, kenaka kulavula osachukucha ndi madzi kuti fluoride atsalire pamano. Alipo mankhwala otsukira opangidwira mano oyayamira, monga Sensodyne. Ena amatonthoza mtsempha ndi potassium, ena amatseka timachubu tija. Sagwira tsiku limodzi, amafuna milungu iwiri mpaka inayi, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma samata bowo, ndipo angathe kubisa ululu umene ukanamutuma munthu kuchipatala.

Pa mswachi wa mtengo ndi wa kusitolo anthu amatsutsana. Oikira kumbuyo mtengo amati makolo anatha nawo moyo wonse mano ali gwa, ndipo n'zoona kuti kamtengo kotafunidwa bwino kamachotsa litsiro. Enawo amayankha kuti makolowo sankadya shuga ngati wa lero, ndipo kamtengo kalibe fluoride wochuluka ngati wa m'mankhwala otsukira mano. Mbali zonse zili ndi mfundo. Madzi ofunda a mchere amatonthoza nkhama zotupa, panado amachepetsa ululu podikira chithandizo. Koma pali zinthu zimene palibe mtsutso: kuika piritsi la asipirini pankhama kumawotcha mnofu, ndipo asidi wa batire kapena mafuta a mabuleki, zimene ena amadonthezera m'bowo ululu ukawapanikiza, ndi poizoni.

Mtsutso waukulu ndi wa kuzula kapena kumata. Wodwala amene wayenda mtunda wautali kuchokera ku Thekerani kapena ku Muloza, wawononga ndalama yoyendera, wasiya ganyu, amafuna ululu uthe lero lomwe. Kuzula ndi ulendo umodzi. Kupulumutsa dzino limene mtima wake wadwala kumafuna maulendo angapo, zipangizo ndi ndalama. Komano dzino lozulidwa silibwerera, anzake amapendekera m'mpatamo, ndipo kutafuna kumavuta. Kumbuyo kwa mtsutsowu kuli mbiri ya kuchepa kwa madokotala. Kwa zaka zambiri dziko lino linalibe sukulu ya madokotala a mano, ndipo ntchito yaikulu m'zipatala za maboma inkagwiridwa, monga ikugwiridwabe, ndi ma dental therapist, othandizira pa chithandizo cha mano, ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow kudzera mu ntchito ya MalDent. Mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lonse yokhudza umoyo wa m'kamwa.

Mafunso amene akadali poyera

Akatswiri sanamalize kugwirizanitsa mafotokozedwe awiri aja, la timadzi toyenda m'timachubu ndi la kachipata ka TRPC5. Kodi zimagwira ntchito limodzi, kapena china chimatsogola dzino likakhala labwino ndipo china likatupa? Zambiri za mu 2021 zinayesedwa pa mbewa za mu labotale, ndiye funso lakuti zidzabala mankhwala atsopano a anthu kapena ayi likudikirabe. Sizikudziwikanso bwino chifukwa chake anthu awiri a mizu yoonekera mofanana, wina amalira ndi mphepo pamene mnzake samva kanthu.

Pali mtsutso wina pa nkhani ya kutentha ndi kuzizira kosinthanasinthana. Chigoba ndi dentine zimafufuma ndi kukhwinyata mosiyana, ndipo zomatira mano nazo zili ndi mlingo wawo. Mu labotale, kusinthasintha kotere kambirimbiri kumabweretsa timing'alu. Koma kodi kumwa tiyi wotentha utangochoka mumphepo ya madigiri 10 n'kokwanira kung'alula dzino lamoyo, kapena timing'aluto timabwera makamaka ndi kutafuna ndi zaka? Madokotala amayankha mosiyana.

Malangizo a kunja amakambanso za vitamini D, amene thupi limapanga likawombedwa ndi dzuwa ndipo amathandiza mafupa ndi mano. Kumayiko akumpoto dzuwa la nyengo yozizira limafooka kwa miyezi. Kuno ngakhale mu Julayi dzuwa lili ndi mphamvu nkhungu ikangochoka. Kodi sabata za chiperoni ndi majuzi okuta thupi lonse zimasinthako kanthu kwa anthu a m'mphepete mwa phiri, kapena imeneyi ndi nkhawa ya eni ake a chipale chofewa?

Ndipo pali mafunso amene si a mu labotale. Nyengo yozizira ndi imenenso tiyi amachepa m'minda, ntchito zaganyu zimadulidwa, ndalama m'thumba zimasowa. Ngati anthu ambiri amamva mano kuwawa mu Juni ndi Julayi, ndi angati amafika pampando wa dokotala mwezi womwewo, ndipo ndi angati amadikira kuti kutenthe, ululu uzizire, bowo likukulirakulira? Madokotala atsopano ophunzira m'dziko momwe muno adzakhazikika m'mizinda, kapena ena adzafika ku Mulanje ndi ku Thyolo? Nanga banja limene likusankha pakati pa paketi ya shuga ndi chubu cha mankhwala otsukira mano, m'mwezi umene tiyi wotsekemera ndiye chofunda cha m'mimba, tingaliuze chiyani chimene lingathe kuchita mawa m'mawa?